Mkuyu wa agogo usagwe, ndaona amene amakhala m'mphako mwake

 Lero ndalemba zambiri, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono muwerenge mofulumira. Nkhani yake si ya sikelo ya masamba a tiyi, si ya feteleza ayi. Ndi ya kachilombo. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka kuti mkuluyu ntchito yamuthera. Sekani ndithu, koma mufike nane kumapeto, chifukwa Loweruka likudzali tili ndi msonkhano wa pabanja, ndipo kachilombo kameneka ndi kamene kandipatsa mawu oti ndikanene kumeneko.

Lachiwiri lapitali usiku kunatentha zedi, mukuudziwa Okutobala wa kuno mvula ikamachedwa. Titadya tinakhala pakhonde, kanyale ka sola kali pazenera. Kenaka kunabwera kanthu kouluka mopepera, kugunda khoma, kugwa, kudzukanso, ngati bambo wochokera ku kachasu. Mdzukulu wanga anavula patapata kuti aphwanye. Amayi akunyumba nawo akuti, "Ipha msanga, tombolombo woyenda usiku ndi wachilendo ameneyo, mwina ndi wotumidwa." Ine ndinati dikirani kaye. Ndinatenga botolo lagalasi lomwe munali chiponde, n'kukavindikira pakhoma pomwepo, n'kutseka ndi pepala.

Abale, ndakhala zaka zonsezi ndili m'munda, koma kachilombo kokongola chonchi ndinali ndisanakayang'anitsitse. Kutalika kwake sikafika chala chamkombaphala. Thupi lowonda ngati kamtengo ka machesi, miyendo italiitali yopyapyala ngati ulusi. Mapiko ake anayi ndi oonekera ngati galasi, ali ndi timitsempha tolukana ngati neti ya udzudzu, ndipo pamwamba pake pali mawanga, ena akuda, ena ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Kunsonga mapikowo ndi opindika pang'ono ngati chikwakwa. Ndikapendeketsa botolo pa nyale, ankanyezimira mitundumitundu monga amachitira mafuta a galimoto akadonthera pa chithaphwi. Mdzukulu uja patapata anaiwala, n'kumati, "Agogo, kavala chitenje."

Ndinawauza amayi akunyumba kuti uyu si tombolombo. Tombolombo amauluka masana dzuwa likuswa mtengo, amathamanga ngati mpaliro, ndipo amakonda kumadzi chifukwa ana ake amakulira m'madzi. Tinyanga take ndi tating'ono kwambiri, simungatione n'komwe. Koma aka kali ndi tinyanga tooneka bwinobwino, tonenepa kunsonga ngati tizibonga. Kamauluka usiku, mofooka, ndipo kakatera kamapinda mapiko m'mbali mwa thupi ngati denga la nyumba. Za kutumidwazo ndinangoti, wotumidwa wake uti wolephera ngakhale kuzemba khoma?

Ndinakajambula pa foni n'kutumiza pa WhatsApp kwa mphwanga wina, mwana wa achemwali aang'ono, amene akuphunzira zaulimi ku Bunda. M'mawa mwake anandiimbira akuseka. Akuti, "Amalume, simukukadziwa? Ndi kachilombo kaja munkatiphunzitsa kukola ndi udzu kuseri kwa nkhokwe, kaja kokumba timaenje m'fumbi. Aka ndi kamene kakula." Ine kukamwa yasa. Akuti m'mabuku a Chingerezi amati antlion, ndiye kuti mkango wa nyerere. Zina zomwe ndilembe pansipa ndi zimene iye anandifotokozera, zina ndinaziona ndekha kuyambira ndili mwana.

Amene munakulira kumudzi mukutikumbuka timaenje tija. Pansi pa nkhokwe, m'mphepete mwa khonde pamene sipafika mvula, kuseri kwa khola la mbuzi, pena pansi pa mwala waukulu. Tozungulira bwinobwino ngati kuti wina wadinda ndi fanulo ya palafini. Tili ana tinkagwira nyerere n'kuziponya m'menemo kuti tionere nkhondo. Pena tinkatenga kaudzu n'kumagwedeza pansi pa dzenjelo pang'onopang'ono mpaka mwini wake aluma, ife n'kumukoka. Pena tinkangouzira fumbi ndi pakamwa mpaka aonekera. Kanali kanthu konyansa ndithu: kathupi kofufuma, kaubweya, kamtundu wa dothi, kutsogolo kuli nsagwada ziwiri zopindika ngati pulayala. Ukakaika pachikhatho kankayamba kadzifetsa kaye, kenaka n'kumayenda chafutambuyo kufuna pobisala. Palibe mmodzi wa ife amene ankadziwa kuti kanthu koipa nkhope kameneka tsiku lina kamadzavala mapiko.

Taonani ntchito yake. Kakafuna kukumba dzenje kamayenda chafutambuyo mozungulira, kukankha dothi ndi thako, n'kumaliponya kunja ndi mutu ngati munthu wa fosholo. Kamazungulira choncho kulowera m'kati, mzere uliwonse kutsikirako pang'ono, mpaka dzenje litasongoka pansi. Timiyala tokulirapo kamatitaya kunja, kamangosiya fumbi losalala lokhalokha. Khoma la dzenjelo limakhala lotsetsereka mpaka pamene fumbi latsala pang'ono kugumuka lokha. Kakamaliza kamadzikwirira pansi penipeni, nsagwada zokha zili kunja, n'kudikira. Nyerere ikangoponda m'mphepete, fumbi limagumuka n'kutsetsereka nayo. Kaja kamamva kugwedezeka kwa dothi ndi tiubweya ta m'thupi mwake. Nyerere ikayesa kukwera, kamaigenda ndi mchenga, khoma n'kugumukanso, mpaka igwere m'kamwa. Ndicho chifukwa chake simudzapeza timaenjeti pamatope kapena pamene pagwa mvula. Msampha umenewu umafuna fumbi louma.

Kadyedwe kake nakonso ndi kodabwitsa. Sikatafuna ayi. Nsagwada zija zili ndi timipita m'kati. Kakabaya nyerere kamalowetsa ululu woumitsa thupi pamodzi ndi madzi osungunula zam'kati, kenaka n'kuyamwa ngati mwana woyamwa freezes. Kakamaliza kamaponya chikhungwa kunja kwa dzenje, n'kukonzanso khoma lake kudikira wina. Kamadya nyerere, chiswe ndi tizilombo tina tating'ono togweramo. Chakudya chikasowa kamatha kukhala miyezi osadya, kali phee. Ndipo imvani iyi, inandisekesa mpaka misozi: nthawi yonse imene kali m'dothi sikachita chimbudzi. Matumbo ake ndi otsekeka kumapeto. Zotsalira zonse kamasunga, n'kudzazitaya kamodzi kokha tsiku lomwe katuluka ndi mapiko. Amayi akunyumba atamva anati bwenzi ana a anthu ali otero, sopo sitikadamugula.

Moyo wa m'dothiwo umatenga chaka, pena ziwiri kapena zitatu, kutengera ndi mmene kakudyera. Kamafundula khungu kawiri kakamakula. Nthawi ikakwana kamaluka chikwa chozungulira ngati kanjere ka nsawawa, ulusi wake ukuchokera kumbuyo kwa thupi, kunja n'kumata mchenga. M'menemo kamakhala pafupifupi mwezi. Kenaka usiku wina kamaboola chikwa, kukwera pa kaudzu kapena pa khungwa la mtengo, n'kutambasula mapiko kuti aume. Kuyambira apo katsala ndi masabata ochepa chabe. Ntchito yake ndi kupeza mnzake, ndipo kakakazi kamaikira mazira limodzilimodzi m'fumbi louma, basi kwatha. Zaka zija zonse m'fumbi, chitenje n'kungovala masabata owerengeka. Ndiye kabwere pa nyale yako usiku umodzi, iwe n'kukalandira ndi patapata. Sikaluma munthu, kalibe mbola, sikadya chimanga, sikafumbula nyemba.

Mphwanga uja anawonjezera mfundo ina imene yandilembetsa zonsezi. Akuti padziko lonse pali mitundu pafupifupi 2,000 ya tizilomboti, ndipo yambiri siikumba maenje n'komwe. Okumba maenje aja akakula sakhala okongola kwenikweni, mapiko awo ndi oyera mbee opanda mawanga ambiri. Pali ena akuluakulu otchedwa Palpares, amene mapiko akatambasula amapitirira masentimita 10, ana awo amangobisala pansi pa mchenga n'kumbwandira chodutsa. Koma wanga uja, wa miyendo italiitali ndi mapiko opindika kunsonga, akuti ndi wa gulu lotchedwa Cymothales, lopezeka m'maiko ambiri a mu Africa muno. Ana a gulu limeneli malo awo okondedwa ndi m'mphako za mitengo ikuluikulu, m'fumbi lija losalala limene limatsala mtima wa mtengo ukawola n'kuuma. Anandifunsa kuti, "Amalume, pafupi ndi nyumba yanu pali mtengo wamphako?" Ndinangoti duu. Mudzi wonse uno mtengo wotero watsala umodzi.

Tsiku lomwelo ndinatsikira kukhwawa, pa mkuyu wa agogo. Amene munachoka kalekale mukuukumbuka, uja tinkasewera pansi pake podikira amayi akuchapa. Kumunsi kwake kuli mphako yoti mwana wa zaka 5 angathe kukhalamo. Ndinayamba ndagogoda ndi ndodo kuopa njoka, kenaka ndinatapa fumbi la m'menemo ndi chivindikiro cha poto n'kuliyala pa thumba. Poyamba sindinaone kanthu. Koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditakhala ndithu, kafumbi kena kanayamba kuyenda. Kenaka kena. Tiwiri, tamtundu wa fumbi lomwelo, nsagwada zili patsogolo. Ndinapezanso chikwa chimodzi choboola, mwini wake atatuluka kale. Mwina ndi yemwe uja anabwera pakhonde panga. Ndinabwezera fumbi lonse m'malo mwake, n'kukhala pa muzu kwa kanthawi, chifukwa mtengo umenewu ndi umene tagwirizana kuti tikambirane Loweruka zoudula.

Nkhani yake ndi iyi, ndipo ndapempha kaye kwa eni ake ndisanailembe pano. Achemwali anga aakulu, amene akhala ku Bangwe zaka zambiri akugulitsa mumsika, atopa ndi lendi. Akufuna kumanga nyumba pamalo pa malemu amayi kuti adzapumirepo. Ndi ufulu wawo, malo ndi a mbumba, ine ndimangoyang'anira chichokereni amalume. Aphwanga anaumba kale zidina mwezi wathawu, zauma, uvuni apanga. Chatsala ndi nkhuni, ndipo mvula ili pakhomo. Ikangogwa zidina zisanaotchedwe, thukuta lonse lija libwerera kudothi. Nkhuni zogula zakwera mtengo. Ndiye maso a aliyense agwera pa mkuyu.

Zifukwa zawo ndazimva ndipo sindikuzinyoza. Akuti mtengowo ndi wakufa kale m'kati, tsiku lina udzagwera munthu. Akuti mumagona kadzidzi, ndipo mwana akadwala m'mudzi anthu amaloza komweko. Akuti mumabisala njoka. Akuti mthunzi wake ukupha chimanga cha m'munsi mwake. Mphwanga wamkulu anachita kunena kuti, "Amalume, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Mtengo wanuwo ndi wokongola kunja kokha." Ndipo anamaliza ndi mawu amene andisowetsa tulo: "Mayi athu azigona nyumba ya lendi chifukwa cha mtengo?"

Ndiyankhe chimodzichimodzi. Za nkhuni, aliyense amene anasonkhapo moto wa mkuyu akudziwa kuti ndi mtengo wofewa, wopepuka ukauma, ndipo ukakhala wauwisi umangofuka utsi. Uwu ndi wamphako kale. Mukaudula lero sungaume mvula isanabwere, ndipo ngakhale utauma sungapsereze uvuni umene ndauona uja. Mudzakhala mwaupha, n'kukagulabe nkhuni zina. Za kugwa, mtengo moyo wake uli kukhungwa ndi kunja kwa thunthu, osati pakati. Mtengo wamphako umatha kuima zaka zambirimbiri ukubala. Nthambi ija yopendekera kunjira tiidule, ndivomera, ndipo ndikwera ndine. Za kadzidzi, amene mumasunga chimanga m'nyumba mukudziwa zomwe makoswe akutichita. Kadzidzi chakudya chake ndi makoswe ndi mbewa. Mwana akatentha thupi tithamangire naye kuchipatala akamuyeze malungo, tisataye nthawi kuloza mtengo. Ndipo mwambi uja, mphwanga, tizilombo tambiri timene umapeza ukang'amba nkhuyu ndi timavu ting'onoting'ono tomwe timabereketsa mkuyuwo. Popanda ito njere zake sizingamere.

Koma chachikulu chimene ndikufuna kunena ndi ichi: mtengo tikhoza kudzala, koma mphako sitingadzale. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timauzidwa kuti ndi nyengo yodzala mitengo, ndipo timadzaladi. Koma timadzala chiyani? Bulugama, chifukwa amakula msanga ndipo amagulika. Nanenso ndili naye. Maesiteti ali ndi minda yathunthu ya bulugama yoti aziotchera tiyi ku fakitale. Sindikumunyoza, watimangira nyumba tonsefe. Koma bulugama wathu timamudula asanakwanitse zaka 10, aphukire, timudulenso. Safika pokalamba. Lowani m'munda wa bulugama mukhale chete, mumva mbalame zingati? Mphako imafuna mtengo umene wasiyidwa mpaka nthambi yathyoka, madzi alowa, bowa ndi chiswe zadya mtima, pauma, papita zaka makumimakumi. Agogo ankati amayi awo pobwera kuchokera kudziko la Apwitikizi kudzagwira ntchito m'maesiteti anaupeza mkuyuwu uli kale waukulu. Tikaudula Loweruka, palibe aliyense wowerenga pano, ngakhale mdzukulu wanga wa patapata uja, amene adzaone wina wofanana nawo pamalo pano.

Ndisakunamizeni, kachilombo kanga aka sikadzateteza chimanga chanu ku ntchemberezandonda. Sikadzawonjezera makilogalamu pa sikelo. Mukandifunsa kuti phindu lake ndi ndalama zingati, ndilibe yankho. Kwa ine ndi mboni chabe. Kupezeka kwake kukutiuza kuti pamalo paja pakadali moyo wakale umene kwina konse unatha. M'mkuyu womwewo, mphako yapamwamba muli njuchi, zimene zimayendera maungu, nyemba ndi nandolo wathu. Nkhuyu zikapsa kumabwera apumbwa masana, mileme usiku, n'kumakamwaza njere kutali. Mizu yake yagwira gombe la khwawa. Mukagwetsa mtengo umodzi umenewu mwasamutsa mudzi wathunthu, kungoti eni ake sadziwa kukadandaula kwa amfumu.

Zoterezi ife a ku Thyolo tinaziona kale ndi maso athu. Amene muli ndi zaka 40 kupita m'tsogolo mukukumbuka mmene phiri la Thyolo linalili, nkhalango yoti masana m'kati muli mdima, chiperoni chikagwa mitengo n'kumadontha madzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 nkhalango ija inagwetsedwa pafupifupi yonse, pakhala minda. Palibe amene anadzuka tsiku limodzi n'kunena kuti lero ndithetsa phiri. Aliyense ankadula mtengo umodzi, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chomveka ngati chathuchi. Kuli kambalame kena kamene dziko lonse limakatchula ndi dzina la boma lathu, Thyolo alethe, kofiirira kumsana, koyera pakhosi. Kamakonda kutsatira linthumbu likamayenda, n'kumatola tizilombo tothawa. Kamakhala m'nkhalango zowirira zokha, kuno, ku Mulanje ndi m'mapiri ena a ku Mozambique monga Namuli ndi Mabu, ndipo kali m'gulu la mbalame zimene zikhoza kutha. Kuno kwathu pothawira pake patsala timadera ta nkhalango tomwe tinasungika m'maesiteti, monga ku Satemwa. Dzina ndi lathu, koma mwana wa m'mudzi muno sanakaonepo.

Ndikudziwa zimene ena mulembe m'munsimu, ndiye ndiyambe ndanena ndekha. Mudzati n'zosavuta kusunga nkhalango ukakhala ndi malo ambirimbiri ndi alonda. Zoona. Malo abwino ambiri a boma lino ali pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, makolo athu ankalipira thangata kuti akhale pamalo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo, ndipo ambirife tikulima kadera koti ukaima pakati ukhoza kulankhula ndi anansi a mbali zonse zinayi osakweza mawu. Amene anakwera phiri ndi nkhwangwa sanali openga, inali njala ya malo. Nkhani imeneyo ndi yaikulu ndipo siinathe. Koma kudula mkuyu wa agogo sikutibwezera ngakhale mzere umodzi wa malo amenewo. Kungotilanda chimodzi mwa zochepa zimene zikadali m'manja mwathu.

Nanunso a m'tauni musamangotiloza chala kuti akumudzi mukutha mitengo. Makala amene ali pa mbaula yanu madzulo ano anachokera kuti? Njinga zija zimalowa mu Limbe m'bandakucha zitasenza matumba zimapita kwa yani? Magetsi akazima tonse timadziwa chimene chimaphika nsima. Mlandu uwu ndi wa tonse, wodula ndi wogula.

Ndipo tisaiwale Malichi wa 2023. Namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, tinamva za Chilobwe, za Phalombe, za Mulanje, ndipo kuno nakonso tinalira. Madzi saiwala khwawa. Pitani mukaone khwawa lathu lija lero. Kumunsi, kumene mitengo ya m'mphepete inatha kalekale, gombe linagumuka n'kutenga nthochi ndi dimba lonse la anansi athu, patsala chigwembe choti mbuzi ikagweramo mpaka chingwe. Pa mkuyu madzi anadutsa, anasiya zinyalala m'mizu, koma dothi lilipo. Achemwali, nyumba mukufuna kumangayo ili kumtunda kwa gombe lomwelo.

Tsono poti pakamwa pokha sipaotcha njerwa, nali pempho langa, ndipo ndikulinena pagulu kuti ndisadzabwerere m'mbuyo. Ndili ndi mitengo 7 ya bulugama m'malire a munda wanga wa tiyi, ndinadzala mu 2016. Ndinkaisungira fizi ya chitsiriza wanga amene akulowa Fomu 3. Iwiri inagwa ndi mphepo chaka chatha ndipo yauma kale, inayo tikaidula sabata ino n'kuiwaza, ndi dzuwa lilipoli isakanizidwa ndi youmayo. Ndikuipereka yonse ku uvuni wa achemwali, ulere. Za fizi ndidzaona mvula ikagwa, masamba akayamba kuphukira, kutchola kukachuluka. Amayi akunyumba sanasangalale nazo, ndisabise, tinagona osalankhulana Lachinayi. Koma m'mawa anati bola nyumbayo ikatha adzapatsidwe nawo chipinda chosungiramo chimanga. Ngati nkhunizo zichepa, aphwanga a ku Joni ndi ku Lilongwe, apa ndiye poonetsera kuti mayi anu mumawakonda. Ndipo chipinda chilichonse chodzawonjezera m'tsogolo tidzaganizire mabuloko a simenti. Ndi odula, inde, koma safuna mtengo wa munthu.

Posinthana ndi zimenezi ndikupempha chinthu chimodzi: mkuyu usakhudzidwe, ndipo tigwirizane pamaso pa amfumu kuti ngakhale ine nditapita, mtengo umenewu si wa munthu mmodzi woti angaugulitse kwa ocheka matabwa kapena ootcha makala.

Kwa inu anansi, sindikuti musadule mitengo, tonse timaphika. Ndikuti m'mudzi uliwonse, pamanda, pakasupe, m'malire a minda, pamakhala mtengo umodzi kapena iwiri yokalamba imene anthu amati yatha ntchito. Imeneyo ndiyo tiisiye. Ndipo pamene tikudzala bulugama chaka chino, tiikeko mbawa imodzi, mkuyu umodzi kapena msuku m'mphepete mwa khwawa, woti sitidzaudula ife. Komanso tengani ana anu muwaonetse timaenje tija tisanafafanizike ndi mvula. Masiku ano makonde ndi asimenti, nkhokwe zinatha poopa akuba, ndiye muyang'ane kuseri kwa khola kapena pansi pa shedi yoyezera masamba. Muwapatse kaudzu akole okha, akatha abwezere. Mdzukulu wanga kuyambira Lachitatu sakufunanso foni yanga, ali kalikiliki kusaka nyerere zodyetsa ziweto zake, akuti ali nazo 11.

Kachilombo kaja sindinakasunge. Usiku womwe ndinachokera ku mkuyu ndinazimitsa nyale, n'kutsegula botolo kuseri kwa nyumba. Kanakhala kaye pamlomo pa botolo, kenaka kanauluka mwa kachasu muja kulowera kukhwawa. Chithunzi chake ndaika m'munsimu, chaoneka mwachimbuuzi chifukwa foni yanga mukuidziwa. Amene munakaonapo kwanuko, kaya ku Thekerani, ku Masambanjati, ku Bvumbwe kapena ku Luchenza, tandiuzani, ndipo mundiuzenso dzina limene agogo anu ankakatchula.

Achemwali, Loweruka mubwere ndi shuga, masamba a tiyi ndi nkhuni zili kuno. Tikakhale pansi pa mkuyu pomwepo pokambirana, kunyumba kukutentha.